Kusankha kiti ya peni ya inki yowonda: veniya patsogolo, chithunzi pambuyo

Alamu anga a ku Chilenje mu Lusaka anaphunzitsa ana mpaka kupuma ntchito, ndipo mpaka lero bolopeni saikhulupirira. Amati ndi imene inaononga kalembedwe ka ana a masiku ano. Loweruka lina anandipeza kuseri kwa nyumba ndili mbuu ndi utuchi, ndikupala kachidutswa ka mtengo wa mukwa pa lathe, makina ozunguza thabwa popala. Anaima kanthawi, manja m'chiuno, kenako anati: "Alamu, mabolopeni anu aja tonse tili nawo, akwana. Ine mundipangire ya nibu, koma yowonda. Dzanja langa ndi ili, laling'ono. Sindifuna kulembera mpini wa khasu."

Ndinati nkhani yaing'ono imeneyo. Usiku womwewo ndinalowa pa intaneti, ndinaona dzina lakuti Slimline, mtengo wake wabwinobwino, n'kuitanitsa makiti asanu, timaphukusi ta zitsulo za peni timene umangowonjezerapo thabwa. Phukusi litafika ndinatsegula ndi chimwemwe, koma munali mabolopeni okhaokha. Wogulitsa sanandinamize. Ndine amene ndinawerenga dzina n'kusiya manambala ali pansi pake. Zimene ndalemba apa ndi dongosolo limene ndimatsata tsopano ndisanatulutse kwacha imodzi.

Choyamba, dziwani pamene kuwonda kumathera

Slimline ndi kiti imene pafupifupi aliyense wopala mapeni amayambira. Ili ndi timachubu tiwiri ta bulasi tolowa pabowo la 7mm, ndipo ikatha imangoposa pensulo pang'ono. Koma ndi bolopeni yochita kupotokola, ndipo singasanduke ya inki ngakhale mutaipempherera. Mkati mwa kachubu ka 7mm muli mpata wa 6.2mm basi. Katiriji, kabotolo kapulasitiki ka inki kolowa m'peni, imene makiti amagwiritsa ntchito, ija amaitcha standard international, payokha ndi pafupifupi 7mm m'mimba mwake. Konveta, kaja kokokera inki kuchokera m'botolo, ndiye yonenepa kuposa pamenepo. Sizingalowe.

Ndiye peni ya inki imakula kuyambira mkati. Katiriji ifuna chubu cha 10mm kapena chapafupi ndi pamenepo. Pamwamba pa chubucho pafunika thabwa. Chivindikiro nacho chiyenera kumeza nibu, kansonga kachitsulo kolembera, ndi pogwirira pake, motero chubu chake nthawi zambiri chimakhala chachikulupo. Mukawerengera zonsezi, peni ya inki ya kiti imene tingaitche yowonda ikatha imakhala cha m'ma 11 mpaka 12mm pathunthu, chivindikiro n'kupitirirapo. Wina akakuonetsani chithunzi cha peni ya nibu yowonda ngati pensulo, m'funseni kukula kwa biti yoboolera. Nambala imeneyo sinama. Chithunzi chimanama, chifukwa peni yaitali yojambulidwa yokha pansalu yakuda imaoneka yowonda nthawi zonse.

Chachiwiri, yezani dzanja la mwini wake

Apa ndi pamene ambiri timadumpha. Pemphani munthu amene mukumupangirayo akupatseni cholembera chimene amachikonda, chilichonse, ngakhale chija cholumidwa kumutu. Tengani veniya, chida choyezera kunenepa kwa zinthu m'mamilimita, muyeze malo awiri: pamene zala zimagwira, ndi pathunthu. Kenako muchiike pasikelo ya kukhitchini muone kulemera kwake. Ngati mulibe veniya gulani, ngakhale ya pulasitiki, chifukwa mudzaifunanso popala.

Nditayeza cha alamu anga ndinazindikira kuti chimene amachitcha kuwonda ndi pogwirira. Thunthu limangotsamira pakati pa chala chachikulu ndi cholozera, ndipo milimita imodzi yowonjezera pamenepo munthu saimva kwenikweni. Chimene chimatopetsa dzanja ndi pogwirira ponenepa, kapena kachitunda kakuthwa pamene pogwirira pakumana ndi thunthu, kapenanso kulemera kokokera kumbuyo. Makiti ali ndi zitsulo zambiri, ndipo amalemera kuposa mapeni a pulasitiki amene anthu anazolowera. Choncho poyang'ana kiti, funani chithunzi chimene chivindikiro chachotsedwa. Ngati wogulitsa waika pepala la malangizo opangira, litsitseni muwerenge. Pamenepo ndi pamene pamalembedwa mabiti, kutalika kwa machubu ndi kukula kwa mabushi, timphete tachitsulo tosonyeza polekezera kupala thabwa, ndipo kukula kwa mabushiwo ndiko kukula kwa peni ikatha.

Chachitatu, sankhani banja limodzi

Maina a makiti ndi ambirimbiri, moti mutu ungazungulire. Ambiri amapangidwa ku Taiwan ndi ku China, ndipo kiti imodzi yomweyo imatha kugulitsidwa ndi maina awiri kapena atatu m'masitolo osiyana. Musaloweze maina. Yang'anani kukula kwa machubu, mudzaona kuti owondawo ali m'mabanja atatu.

Banja lowondetsetsa ndi la machubu a 10mm mbali zonse ziwiri, monga Classic ya Penn State Industries ya ku Philadelphia. Thunthu ndi chivindikiro zimakhala zofanana, peni n'kuoneka yowongoka ngati zija za kale. Biti ya 10mm mungaipeze mu hadiweya iliyonse ya ku Kamwala. Koma onetsetsani zinthu ziwiri. Ambiri a banjali chivindikiro chake n'chongokankha n'kulira "tha", ndipo chimene chimagwira mkatimo ndi kapulasitiki kamene kamatha pakapita nthawi. Komanso ena amafuna kuti mudule kakhosi pathabwa pokhalira mphete yapakati, ntchito yofuna dzanja lokhazikika. Kwa woyamba kumene, pamenepo ndi pamene zidutswa zimaonongekera.

Banja lachiwiri ndi la Baron ndi mbale wake Sedona, a Berea Hardwoods ya ku Ohio. Awa chivindikiro n'chopotokola. Mabiti ake amalembedwa m'mainchi, 25/64 pathunthu ndi 15/32 pachivindikiro. Musachite mantha ndi manambalawo. 25/64 ndi 9.92mm, 15/32 ndi 11.91mm. Biti ya 10mm ndi ya 12mm zimangoposa pang'ono kwambiri, kampata kamene guluu wa epoxy amakadzaza bwinobwino. Kwa ife a kuno, kumene pafupifupi chilichonse chili m'mamilimita, umenewu ndi mwayi. Yesani kaye pachidutswa chotaya musanaboole thabwa labwino, chifukwa mabiti otchipa ena amaboola mopitirira nambala yolembedwapo.

Lachitatu ndi la Junior, limene dzina lake lodziwika ndi Junior Gentleman ya Craft Supplies USA ya ku Provo, Utah. Machubu ake ndi a 10.5mm ndi 12.5mm. Ili ndi banja lalikulu, makiti ambiri amatsata kukula kumeneku, kuphatikizapo Mistral ya Beaufort Ink ya ku Britain, ndipo zitsulo zake zimapezeka zamitundumitundu. Ndi lonenepako kuposa awiri aja, chivindikiro chimapitirira 14mm. Mwamuna wozolowera kugwira zida angalitche lowonda, alamu anga ayi. Vuto lina n'lakuti mabiti a theka, 10.5 ndi 12.5, sapezeka paliponse, ndi bwino kuwaitanitsa pamodzi ndi kiti.

Gentleman wopanda Junior, Statesman, El Grande, Churchill, amenewo ndi zimphona. Ndi okongola, koma si a nkhani ino.

Ine ndikanati ndiyambirenso lero, ndikanayamba ndi kukula kwa Baron ndi kukhala pomwepo chaka chonse. Banja lililonse lili ndi mabushi ake, mabiti ake, machubu ake apadera. Mnzathu wa ku America akalakwitsa amaitanitsa china n'kufika mawa. Ife timadikira milungu, ndipo ndalama yotumizira nthawi zina imaposa ya katundu. Mukagula kiti imodzi apa, ina apo, mudzadzaza kabati ndi mabushi amene aliwonse anagwira ntchito kamodzi.

Chachinayi, zitsulo zake ndi nibu

Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Makiti otchipa kwambiri amakhala okutidwa ndi golide wa 24k, ndipo m'chithunzi amawala koposa onse. Golide ameneyo ndi wofewa ndi wopyapyala. Thukuta la mu Okutobala ndi kukhuzana ndi thumba la malaya zimamudya msanga, kopanira ndi mphete n'kuyamba kutuwa. Inu mwataya masiku pathabwa, chitsulo n'kukuchititsani manyazi. Pa zotchipa, chrome ndiye wolimba. Ngati mukufuna mtundu wa golide funani wolembedwa titanium gold, ndipo ngati thumba likulola, rhodium kapena black titanium. Pa mukwa wofiirira ine ndimakonda chrome, pa phingo wakuda rhodium.

Yang'ananinso pogwirira ngati ndi pachitsulo kapena papulasitiki. Pachitsulo chosalala pamaoneka papamwamba, koma dzanja likachita thukuta zala zimatsetserekera ku nibu, ndipo munthu amayamba kufinya kwambiri mpaka kutopa. Kwa wolemba masamba ambiri, monga mphunzitsi kapena mlembi wa kumpingo, pulasitiki wakuda uja ndi wabwino ndipo ndi wopepuka. Mathiredi a chivindikiro nawo afunika kuwaona. Chitsulo chikamapotana ndi chitsulo chinzake chimadya chokutira ndipo chivindikiro chimatha kumasuka chokha m'thumba, n'chifukwa chake makiti abwino amaika kapulasitiki mkati mwa mphete.

Pali makiti amene chivindikiro chimapotedwanso kumbuyo polemba, ndi ena amene kumbuyo n'kosalala. Anthu amakonda oyambawo poopa kutaya chivindikiro. Koma pa peni yowonda ya dzanja laling'ono, chivindikiro cha bulasi chikakhala kumbuyo chimakoka nibu m'mwamba. Funsani mwini wake mmene amalembera. Alamu anga amachigwira m'dzanja lamanzere, chizolowezi cha m'kalasi.

Tsopano nibu. Makiti owonda pafupifupi onse amabwera ndi nibu ya nambala 5, pamene zimphona zija zili ndi nambala 6. Pa manibu ambiri pamalembedwa "Iridium Point Germany". Mawu amenewo asakukopeni, satanthauza kuti nibu yonse inapangidwa ku Germany. Ina imalemba bwino ndithu, ina imakanda pepala ngati nkhuku pa dzala. Opanga manibu odziwika a ku Germany ndi Bock ya ku Heidelberg, JoWo ya ku Berlin ndi Schmidt, ndipo wogulitsa amene kiti yake ili ndi nibu ya amenewa sabisa, amalemba poyera. Ngati sanalembe, funsani ngati nibu ingasinthidwe. M'makiti ambiri nibu imazuka pamodzi ndi kapulasitiki kakuda kodyetsa inki kali pansi pake, n'kulowetsa ina ya nambala 5. Koma kachimake kopotokola kamene zimakhalamo kali ndi mathiredi osiyana kwa wopanga aliyense, musagule kachimake ka Bock poganiza kuti kalowa paliponse.

Za kunenepa kwa mzere, makiti ambiri amabwera ndi nibu ya M, ya mzere wapakatikati. Ine ndimalangiza F, ya mzere wowonda. Mapepala a makope athu ndi a m'maofesi amamwa inki, nibu yonenepa imalemba n'kutulukira kuseri, ndipo munthu amati peni yanu ndi yotayikira pamene vuto ndi pepala.

Kanthu kena kothandiza: m'mabanja a Baron ndi Junior, kiti yomweyo imagulitsidwanso ngati rollerball, yolemba ndi kampira ngati bolopeni, machubu ndi mabushi omwewo. Wina akaopa inki mumangomupangira imeneyo osagula chida china chilichonse.

Chachisanu, dzazani phukusi kamodzi

Musaitanitse kiti yokha. Pa phukusi loyamba muikemo makiti atatu kapena kuposerapo a banja limodzi, mabushi ake, ndi machubu apadera awiri awiri. Machubuwo ndi otchipa kuposa chilichonse, koma ndi amene amapulumutsa kiti thabwa likasweka. Onani ngati konveta ilimo, chifukwa ena amangoikamo katiriji imodzi. Ngati mulibe mandrel, kamtengo kachitsulo kovekapo zidutswa popala, yang'anani kaye kukula kwa bowo la lathe yanu limene imalowamo, ngati ndi MT1 kapena MT2. Mabushi ambiri amalowa pa mandrel yomwe ija ya 7mm ya Slimline, koma ena amafuna yonenepako imene amaitcha B, ndiye werengani pa pepala lija. Chosalazira kumapeto kwa chubu nacho chili ndi timitengo tamkati ta kukula kosiyanasiyana, ka 7mm kamagwedera m'chubu cha 10mm.

Ngati muli ndi anzanu opala, sonkhani muitanitse pamodzi, mugawane ya mtengatenga. Za msonkho funsani ku ZRA, bungwe la misonkho, kapena kwa okutumizirani musanalipire, kuti phukusi lisakudzidzimutseni litafika. Njira ina ndi ya wachibale wochokera ku Johannesburg pa basi. Makiti khumi amakwana m'thumba la jekete, ndipo kukamuchingamira ku siteshoni ya mabasi ya Intercity n'kosavuta.

Chachisanu ndi chimodzi, thabwa

Walira mvula walira matope. Mwafuna peni yowonda, ndiye dziwani kuti thabwa lotsala pamwamba pa chubu likhala milimita imodzi kapena kucheperapo. Thabwa lopyapyala chotero silikhululuka. Likakhala laliwisi pang'ono lidzauma lili pachubu, bulasi osafota nalo limodzi, ndipo tsiku lina m'chilimwe mudzapeza mng'alu kuyambira kumphete. Kuno nyengo imasintha kwambiri, chinyezi cha mu Januwale ndi kuuma kwa mu Seputembala n'zotalikirana, ndipo thabwa limazimva zonsezo.

Mwayi wathu n'ngwakuti mitengo imene anzathu akunja amaigula modula ife timaiponda. Mukwa, umene kwathu kum'mawa timati mlombwa, ndi wabwino kuyambira: sufota kwambiri, supweteka tchizulo, ndipo umanunkhira popala. Mukusi ndi wolimba, wofiira bwino, koma umabunthitsa chida msanga. Tsanya ndi lolemera ndipo limasalala ngati galasi. Phingo ndiye mfumu, lakuda bii, koma poboola limatentha, ndipo likatentha limang'aluka. Mupapa maso ake ndi aakulu, pa kanthu kakang'ono ngati peni amafuna kudzazidwa. Gwafa ndi jakaranda za pabwalo musazinyoze, zikauma bwino zimapalika mokoma. Za mtengo wa mukula samalani. Unalowa pa mndandanda wa CITES, pangano la maiko loyang'anira malonda a mitengo ndi nyama zimene zili pangozi yakutha, mu 2019 ndipo nkhani yake kuno mukuidziwa, peni imodzi si chifukwa chogulira thabwa losadziwika kumene lachokera.

Simufunika thabwa lathunthu. Chidutswa cha 19mm mbali zonse, kutalika 125mm, chimakwanira peni yonse. Ku msika wa Buseko kuli matabwa, koma ine ndimakonda kuyenda mwa akalipentala a ku Kalingalinga m'mbali mwa Alick Nkhata Road, kupempha zotsala. Tsiku loyamba mdala wina anandiyang'ana ndikutola tizidutswa pansi pa benchi n'kufunsa, "Bosi, ni vosonkhela mbaula?" Nditamuonetsa peni ya m'thumba mwanga anaitembenuza kawiri katatu, n'kukanditengera mwendo wa mpando wakale wa mukwa kuseri. Thabwa ngati limenelo, la mpando kapena felemu ya chitseko imene yakhala m'nyumba zaka makumi, ndi limene liposa onse, chifukwa linamaliza kale kufota. Chidutswa chimene mukuchikayikira chiyezeni pasikelo, lembani kulemera kwake ndi pensulo pomwepo, muchiike pamthunzi, muziyezanso mlungu uliwonse. Nambala ikasiya kutsika ndiye chauma.

Chachisanu ndi chiwiri, peni yoyamba

Peni yoyamba ya banja latsopano musaipalire pathabwa limene mumalikonda. Tengani lawamba.

Dulani zidutswa ziwiri, chilichonse chotalikirapo kuposa chubu chake ndi mamilimita atatu kapena asanu. Musanadule jambulani mzere wodutsa pakati, ndipo machubu akalowa muikenso chizindikiro mkati mwake, kuti mizere ya thabwa idzakumane peni ikatsekedwa. Onetsetsani kawiri kuti biti yaikulu ikupita pa chidutswa cha chivindikiro. Zikumveka ngati zachibwana, koma ndinalakwitsapo.

Kuboola ndi kumene kumaswa zidutswa zambiri. Bowo la 12mm pa thabwa la 19mm limasiya khoma la mamilimita atatu ndi theka mbali iliyonse, ngati mwalunjika pakati. Chepetsani liwiro, lowani pang'ono, tulutsani biti utuchi ugwe, lowaninso. Gwirani thabwa ndi chala, likafunda imani. Pa mitengo yolimba ine sindilola biti kutulukira kuseri, ndimaima chubu chikangokwana n'kudula kotsalako ndi sowo, chifukwa potulukira ndi pamene pamaphulika.

Machubu akwecheni ndi sandipepa mpaka kuwala kuchoke. Tsekani kumapeto kwake ndi phula la kandulo kapena kachidutswa ka mbatatesi kuti guluu asalowe mkati. Pa guluu, supaguluu amafulumira, koma amatha kugwira chubu chili theka panjira, ndipo sadzaza mpata. Pa thabwa lopyapyala gwiritsani ntchito epoxy wosakaniza awiri uja, pakani mokwanira, lowetsani mukupotokola, musiye mpaka mawa. Malo alionse amene guluu sanafike ndi pamene tchizulo chidzabowola. Phingo ndi mitengo ina yamafuta ipukuteni mkati mwa bowo ndi acetone musanamate.

Posalaza kumapeto, imani bulasi akangowala. Mukadya chubu, thunthu limafupika, ndipo konveta singakwanemo. Ngati magetsi a kwanu amabwera ndi kupita, kudula, kukwecha ndi kumata chitani nthawi ya mdima, kuboola ndi kupala musungire pamene abwera.

Pa mandrel musamange kwambiri. Ikapindika pang'ono peni imatuluka yosazungulira bwino, mbali ina thabwa kupitirira chitsulo, mbali ina kuperewera. Palani chidutswa chimodzi pa nthawi ngati n'kotheka. Nolani tchizulo musanayambe ndi pamene mwatsala pang'ono kufika. Mabushi amadyeka ndi sandipepa, ndiye musawakhulupirire mpaka mapeto: yezani chitsulo chenicheni cha kiti ndi veniya, n'kupala thabwa kufika pa nambala imeneyo. Ndipo dziletseni pa maonekedwe. Dzanja limafuna kusiya kamimba pakati kuti thabwa lioneke, koma kamimba kameneko ndi kamene kamabwezera peni ku mpini wa khasu uja. Mzere wowongoka kuchokera ku bushi kufika ku bushi, kapena wotukuka pang'ono kwambiri moti diso silikuona, ndi umene umaoneka wowonda.

Sandipepa yambani pa 240 kukwera mpaka 600, ndipo pa nambala iliyonse zimitsani lathe mukwechenso motsata utali wa thabwa. Pomaliza ambiri timapaka supaguluu wamadzimadzi mosanjikiza kangapo n'kupukuta mpaka kuwala, chifukwa ndi amene amapirira thukuta ndi madontho a inki. Chitirani pamalo opita mphepo, utsi wake umaluma m'maso. Kumbukirani kuti naye ali ndi kunenepa kwake, motero palani kupitirira pang'ono pansi pa nambala kuti guluu abwezeretse.

Kulumikiza ndi pamene ndinalirira. Ndinali ndi chidutswa cha phingo chimene ndinachipala mpaka kudziona nkhope. Ndinachiika pa vayisi, ndikukankha mphete, ndinangomva "the". Mng'alu kuchokera kumphete mpaka pakati. Nditayang'ana mkati mwa chubu ndinapeza kadontho ka epoxy kouma, kochepa ngati njere ya mapira. Chitsulo chinakwera pa kadonthoko, chubu chinatukuka, thabwa linalibe kothawira. Kuyambira tsiku limenelo ndimapala mkati mwa chubu chilichonse ndi kampeni mpaka bulasi yekhayekha, ndimasongola pang'ono pakamwa pake, ndipo pa vayisi ndimaika timatabwa tofewa mbali zonse n'kukankha pang'onopang'ono ndikuyang'ana ngati chalunjika. Chikayamba kupendekeka, bwezani muyambenso.

Inki

Musanaike inki tsukani nibu ndi madzi ofunda pang'ono okhala ndi kadontho ka sopo wotsukira mbale, kenako madzi oyera, chifukwa kufakitale kumatsalira mafuta amene amaletsa inki kuyenda. Makatiriji a Parker ndi a Lamy salowa m'makiti amenewa, ali ndi kamwa lawolawo. A Pelikan amalowa. Koma inki ya m'botolo ya Parker Quink kapena Pelikan 4001 imagwira bwino ntchito ndi konveta, ndipo botolo limodzi limakhalitsa. Inki ya chidindo, ya printa kapena yojambulira ija ya India ink musayerekeze, imauma mkati n'kutseka njira zonse.

Lembani tsamba lathunthu, osati siginecha yokha. Ngati ikukanda mukamakokera mbali imodzi, jambulani nsonga ya nibu ndi foni n'kukulitsa chithunzi. Nthawi zambiri mudzaona kuti limodzi mwa mano ake awiri lakwera, ndipo kulikankha pang'ono ndi chikhadabo kumathetsa nkhani. Kenako itsekeni muisiye masiku atatu. Ikalemba nthawi yomweyo mutaitsegula, chivindikiro chake chimatseka bwino, ndipo banja limenelo mungaitanitsenso. Uzaninso mwini wake kuti m'thumba nibu iziloza kumwamba, ndipo asaisiye m'galimoto padzuwa, mpweya wa mu katiriji ukafunda umakankhira inki m'chivindikiro.

Ya alamu anga inatuluka pa mwendo wa mpando uja, kukula kwa Baron, chrome, nibu ya F. Ndinawapititsira Lamlungu atabwera kutchalitchi. Sanayang'ane n'komwe thabwa limene ndinalipukuta madzulo awiri. Anatsegula, anaika chivindikiro m'dzanja lamanzere, anakoka kope la chilimba cha azimayi n'kulemba mzere wonse wa zilembo zazikulu ngati ali pa bolodi. Kenako anaigwedeza m'dzanja n'kunena kuti, "Ikanawonda pang'ono, koma ilemba." Anaiika m'chikwama, n'kundifunsa ngati mwendo wa mpandowo watsalako, chifukwa mlembi wa chilimba nayenso amadandaula za bolopeni.